Wogulitsa Khomo ndi Khomo Nayenso ndi Wogula

Mu Epulo 2006, bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, linalengeza ganizo la lamulo lokhudza aliyense woitanira anthu ku bizinesi. Likanakhudzanso makampani ngati Amway, Herbalife ndi Mary Kay, omwe katundu wawo amayenda m'zikwama za anthu wamba, kugulitsidwa kwa abale, a kumpingo ndi a kuntchito, kwinaku wogulitsayo akukopa ena kuti alowe pansi pake. Malonda amenewa sitikuwamva kumene, popeza kwathu kuno adzaza pa WhatsApp. Ganizolo linati wofuna kulowa azilandira chikalata masiku 7 asanalipire, chosonyeza milandu yachinyengo imene kampaniyo yaimbidwa m'zaka 10 zapitazo, umboni wa phindu limene akulonjezedwa, ndi mayina a anthu 10 a m'dera lake amene analowa kale.

Bungweli linalandira makalata oposa 17,000, ambiri ochokera kwa ogulitsa ang'onoang'ono odandaula kuti bizinesi zawo zifa. Mu 2008 linabwerera m'mbuyo, ndipo lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2012 linawasiya kunja makampaniwa. Ine ndikuona kuti amene anapulumuka apa ndi makampani, osati amayi oyenda ndi zodzoladzola m'chikwama.

Madandaulo ena anali omveka ndithu. Kupereka dzina ndi nambala ya munthu kwa mlendo aliyense wofunsa n'kumuika pangozi, ndipo mayi wogulitsa madzulo akaweruka ku ntchito alibe mlembi womusungira mapepala. Koma zimenezi zinali zotheka kuzikonza: kuchotsa ndime ya mayina, n'kusenzetsa kampani udindo wolemba chikalata, popeza ndiyo ili ndi maloya komanso ikudziwa ndalama zimene aliyense walandira. Dandaulo la masiku 7 ndiye landikanika kulimvetsa. Wogulitsa sopo kwa mnansi wake sakanadikira tsiku ngakhale limodzi, chifukwa lamulolo silinkakhudza kugulitsa katundu. Linkakhudza kulembetsa anthu. Bizinesi imene ingagwe chifukwa choti munthu wapita kukafunsa kaye kunyumba ndiye kuti imadalira kutentha kwa mtima kwa mumsonkhano, pamene anthu akuomba m'manja poona zithunzi za magalimoto. Ndipo kulembetsako kukakhala kuti ndiye gwero lenileni la ndalama, wogulitsa wamng'ono amasanduka kasitomala wamkulu wa kampani. Amagula katundu mwezi ndi mwezi kuti asatsike pa udindo, makatoni n'kumaunjikana kuchipinda. Munthu ameneyu ndi amene lamulolo linkafuna kumuteteza.

Makampani ankanenanso kuti malamulo oletsa chinyengo alipo kale, boma lizingogwira olakwawo mmodzimmodzi. Nkhani ya Herbalife ikuonetsa kuchedwa kwa njira imeneyo. Kufufuza kunadziwika mu 2014, ndipo mu 2016 kampaniyo inavomera kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake kuti mphotho izidalira katundu wogulitsidwadi kwa ogula. Ndalamazo zinagawidwa kwa anthu pafupifupi 350,000, ogulitsa ang'onoang'ono omwe aja, atataya kale mpamba wawo. Mu 2019 kampani ya AdvoCare pamodzi ndi yemwe anali mkulu wake anavomera kulipira madola 150 miliyoni pa mlandu wofanana.

Mu Januwale 2025 bungwe lija linabweranso ndi ganizo lopepukirapo, loti wolonjeza phindu m'malonda otere akhale ndi umboni wolembedwa, n'kuuonetsa kwa woupempha. Kwa wogulitsa amene amangonena mtengo wa mafuta odzola ndi ubwino wake, palibe chosintha. Wovutika ndi uja wouza anzake kuti asiya ntchito pakutha pa chaka, chifukwa ganizoli likadzakhala lamulo adzayenera kutulutsa pepala losonyeza kuti ndi angati anafikapo pamenepo.