Kalabu isanagule kompyuta, ikhale pansi kaye

Alimi anzanga, sabata ino ndikufuna tikambirane za makina a kompyuta ndi lamya za m'manja zimene zafika mpaka m'makalabu ndi m'makopaletivi athu. Nkhaniyi ndaiganiza kaamba ka zimene ndinaona pa kopaletivi ina ya alimi a soya ndi mtedza kumene ndinakacheza nthawi yokolola. Muofesi mwawo munali kompyuta yatsopano imene bungwe lina lothandiza alimi linawapatsa, ndipo anaifunditsa chitenje kuti isalowe fumbi. Nditafunsa alembi kuti amaigwiritsa ntchito yanji, anandiyankha kuti mnyamata amene anaphunzitsidwa makinawo anapita ku Joni, ndipo chichokereni iyeyo palibe amene anaiyatsako. Pamene tinkalankhula izi, panja mamembala ena anali kugulitsa soya wawo kwa mavenda pa sikelo yopachika pamtengo.

Chimene chinalakwika n'chakuti makina anafika gulu lisanagwirizane kuti makinawo adzathetsa vuto liti, adzawasamala ndani, ndiponso ndalama zowayendetsera zidzachokera kuti. Makampani amene zinthu zimawayendera bwino amayamba alemba dongosolo la zaka zingapo, kugula makina kumabwera pambuyo. Kuti timvetse bwino, tione zimene kampani ina inachita ndi alimi a soya ku India.

Ulendo wa thumba la soya

ITC ndi kampani yaikulu ya ku India imene likulu lake lili mumzinda wa Kolkata. Inayamba mu 1910 ngati kampani ya fodya, koma pambuyo pake inalowanso m'malonda ena, kuphatikizapo kugula mbewu kwa alimi. M'zaka za m'ma 1990 inkagula soya wambiri m'chigawo cha Madhya Pradesh, pakati pa dzikolo.

Pa nthawiyo lamulo linkati mbewu zizigulitsidwa pamisika yovomerezedwa ndi boma yotchedwa mandi. Mlimi ankapakira soya wake pangolo kapena pathirakitala n'kuyenda mtunda wautali asakudziwa mtengo wa tsikulo. Akafika, amalonda ankangouona soyayo ndi maso n'kutchula mitengo yawo, ndipo mlimi sakanatha kubwerera naye kumudzi chifukwa ndalama yoyendera inali itapita kale. Soya wina ankatayika poyeza ndi poika m'matumba, ndipo kawirikawiri mlimi sankalandira ndalama zake zonse tsiku lomwelo. Kampani nayonso inkaluza. Inkagula kudzera mwa maajenti amene ankadya zawo pakati, ndipo kufakitale kunkafika soya wabwino wosakanizidwa ndi woipa.

Akuluakulu a nthambi ya zaulimi ya kampaniyi, motsogozedwa ndi a S. Sivakumar, analondola ulendo wa soya kuchokera kumunda mpaka kufakitale kuti aone pamene ndalama zikutayikira. Anaona kuti mlimi amamva mtengo mochedwa, atawononga kale. Choncho anagwirizana kuti mtengo uzimupeza mlimi akadali kumudzi, asanapakire katundu. Kompyuta inalowa pamenepa, ntchito yake itadziwika kale.

Mmene anayendetsera

Mu Juni 2000 kampaniyi inayambitsa ndondomeko yotchedwa e-Choupal. Mawu akuti choupal m'Chihindi amatanthauza malo amene anthu a m'mudzi amakumanirana, ngati bwalo lathu lija. Anayamba ndi midzi yowerengeka kuti aone kaye ngati zitheka.

Kompyuta sanaimangire ofesi. Anaiika m'nyumba ya mlimi mmodzi wa m'mudzi momwemo, wodziwika ndi wokhulupirika, amene ankamutcha sanchalak. Munthuyu ankaphunzitsidwa, ndipo ankalumbira pamaso pa anthu a m'mudzi kuti adzatumikira aliyense mosakondera. Sankalandira malipiro a pamwezi. Ankapeza kangachepe pa soya amene alimi agulitsa ku kampani kudzera mwa iye, motero kompyuta ikangokhala osagwira ntchito nayenso sankapeza kanthu.

Pakompyutapo alimi ankaona mitengo ya m'misika ya mandi, mtengo umene ITC ikugulira, nkhani za nyengo ndi malangizo a kalimidwe, zonse m'chinenero chawo. Mlimi ankabweretsa soya pang'ono ngati chitsanzo, sanchalak ankaona chinyezi ndi zinyalala zake mwiniwake akuyang'ana, n'kumuuza mtengo. Mlimi anali womasuka kupita ku mandi ngati mtengo wa kumeneko unali wabwinoko. Akasankha ITC ankapita kumalo ogulira a kampaniyo, kumene katundu ankayezedwa pa sikelo yamagetsi ndipo ndalama ankalandira tsiku lomwelo.

Zopinga nazo anazikonzera njira. Magetsi a m'midzi ankathimathima, tsono anaika mabatire ndi makina a sola. Mawaya a lamya anali osadalirika, choncho m'malo ambiri anaika mbale zolumikizana ndi setilaiti zotchedwa VSAT. Maajenti akale aja sanawathamangitse, poopa kuti angasanduke adani a ndondomekoyi. Anawapatsa ntchito yoyendetsa katundu, kusunga mbewu ndi kulipira alimi, n'kuwatcha samyojak. Anakambirananso ndi boma la chigawocho kuti awalole kugula kunja kwa mandi.

Malinga ndi kampaniyo, ndondomekoyi inafika pa malo 6,100 otumikira midzi 35,000 ndi alimi oposa 4 miliyoni. Katswiri wina wa zachuma, Aparajita Goyal, anafalitsa kafukufuku mu 2010 wosonyeza kuti m'maboma amene munafika makompyutawa mtengo wa soya pamisika ya mandi unakwera ndi 1 mpaka 3 pa 100 iliyonse. Phindu limeneli si lalikulu modabwitsa, koma linafikanso kwa alimi amene sankagulitsa ku ITC, popeza amalonda anayamba kuopa mlimi wodziwa mtengo. Tisaiwale kuti kampaniyi sinkachita zachifundo. Inkafuna soya wabwino pa ndalama zochepa zoyendetsera, ndipo n'chifukwa chake inkakonza makinawo akawonongeka.

Patapita zaka, lamya za m'manja zinafika m'midzi ya ku India, ndipo mu 2022 kampaniyi inakhazikitsa ITCMAARS, njira yofikira alimi kudzera pa lamya. Makina anasintha, koma ntchito yodziwitsa mlimi mtengo ndi kumupezera msika inapitirira.

Nanga ife kuno?

Kalabu yathu ilibe chuma cha ITC, koma mafunso amene iwo anadzifunsa ifenso tikhoza kudzifunsa popanda kulipira tambala.

Loyamba: ndalama za gulu lathu zikutayikira pati? Itanitsani msonkhano wa mamembala onse, mulondole thumba limodzi kuchokera kumunda mpaka ndalama italowa m'thumba la mwiniwake. Mwina mupeza kuti vuto lili pa sikelo. Ngati sikelo ikuba makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50, gulu logulitsa matumba 100 lataya makilogalamu 200, amene ndi matumba anayi athunthu. Gulu lotere liyambe ndi sikelo yabwino yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, kompyuta idikire. Mwina vuto ndi kusadziwa mitengo. Pamenepo lamya imodzi ya gulu ikhoza kukwanira, yofunsira mitengo kwa ogula akuluakulu ndi ku bungwe la ACE ku Lilongwe, n'kuyerekeza ndi mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka chilichonse. Koma ngati vuto ndi mabuku, kuti nthawi yogawana ndalama kumabuka mkangano pa amene anabweretsa zingati ndi amene ali ndi ngongole ya feteleza, ndipo mamembala ndi mazanamazana, apo kompyuta ili ndi ntchito.

Lachiwiri: adzagwira makinawo ndani? Phunzitsani anthu osachepera awiri kapena atatu, ndipo pakati pawo pakhale munthu wokhazikika pamudzi, monga mayi amene ali ndi munda ndi banja pompo. Achinyamata amagwira msanga zinthuzi ndipo tisawasiye, koma nzeru ikakhala mwa munthu mmodzi imachoka naye tsiku limene wakwera basi. Mugwirizanenso kuti wogwira ntchitoyi azipeza chiyani. Munthu amene amasiya munda wake kukalemba za gulu ulere amatopa pakatha chaka.

Lachitatu: ndalama zoyendetsera zidzachokera kuti? Bungwe limene lakupatsani makina limachoka pulojekiti ikatha. Zotsala ndi zanu: mayunitsi, mabando a intaneti, kutchajitsa, inki ndi mapepala, batire likafa, ndi ulendo wopita kutauni kukakonzetsa. Lembani zonsezi, muwerengetse za chaka chathunthu, kenaka mugwirizane kuti pa kilogalamu iliyonse yogulitsidwa kudzera m'gulu pazichotsedwa zingati. Ngati ndalama zoyendetsera zikuposa zimene makinawo adzapulumutse, musagule.

Lachinayi: ndani akudya pa kachitidwe kakale? Pamakhala membala wina amene amagwirizana ndi mavenda mwakachetechete, kapena wa m'komiti amene amakondwa mabuku akakhala osokonekera. Anthu otere amafooketsa zinthu zatsopano popanda kutsutsa poyera. Kambiranani zimenezi mosabisa, ndipo amene ali ndi luso lopeza ogula kapena galimoto mupatseni ntchito yodziwika yokhala ndi malipiro odziwika.

Lachisanu: ndalama ndi zolemba zidzatetezedwa bwanji? Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, magulu ambiri amalandira ndi kutumiza ndalama pa lamya, ndipo izi zachepetsa chiopsezo choyenda ndi ndalama m'chikwama. Koma ndalama za gulu zisamasungidwe pa nambala ya munthu. Mwiniwake akamwalira kapena akakangana ndi gulu, kuzipeza kumakhala kovuta. Tsegulani akaunti ya gulu kubanki yosainira anthu awiri kapena atatu, ndipo uthenga wa ndalama zolowa ndi zotuluka uzifika kwa apampando ndi asungichuma onse awiri. Nambala yachinsinsi isaperekedwe kwa aliyense woimba lamya, ngakhale atadzitcha wa ku kampani. Buku la pepala musalitaye. Mwezi uliwonse zimene zili m'kompyuta zisindikizidwe, ziwerengedwe pamsonkhano, komiti isaine, ndipo kope ina isungidwe kwina kunja kwa ofesi.

Kulemba dongosolo

Mayankho a mafunsowa akalembedwa, ndilo dongosolo lanu. Masamba awiri akwanira. Lionetse chimene mukufuna kukwaniritsa m'zaka zitatu, chimene mugule chaka choyamba, ndi chimene chidikire. Yambani ndi mbewu imodzi ndi nyengo imodzi yogulitsa, monga anachitira anzathu a ku India, chifukwa pang'onopang'ono ndi mtolo. Nyengo ikatha, khalaninso pansi muone ngati mtengo umene mamembala analandira unaposa wa mavenda a pa tiledi senta, ndiponso ngati mikangano ya pogawana ndalama yachepa. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu aitaneni pamsonkhano umenewu.

Dongosolo lotere limathandizanso bungwe likabwera ndi mphatso. Gulu limene lili ndi pepala lake likhoza kunena mwaulemu kuti chaka chino tikufuna sikelo ndi kachipangizo koyezera chinyezi, kompyuta mudzatipatse tikakonzeka.

Alembi a kopaletivi ija ndinawasiya atalonjeza kuti nkhaniyi aika pa mndandanda wa zokambirana pamsonkhano wawo waukulu. Ngati kalabu yanu ili ndi makina ofunditsidwa chitenje, kapena ngati yanu ikugwira ntchito bwino, tilembereni kalata kutsamba lino kuti alimi anzathu aphunzirepo.