Kodi Kochiyu Bwanji Sakalipa?

Loweruka lina bambo wina anandiimitsa m'mbali mwa bwalo. "Akochi, anawa mukuwaphunzitsa kapena mukungowalera? Sindinakumveni mukukalipa, ndipo sanazungulire bwalo ngakhale kamodzi." Ndinaseka, poti funsoli ndalimva kambirimbiri, ndipo inenso ndinayamba ntchitoyi ndikuganiza ngati iwowo.

Ndimaphunzitsa mpira ana a zaka 6 mpaka 12. Chimene ndimawerenga pa bwalo si zigoli ayi, koma kuti mwana aliyense wakhudza mpira kangati. Ikani ana 22 pa bwalo la akuluakulu muone: atatu kapena anayi amphamvu ndiwo amasewera, ena onse amangothamangira fumbi, goloboyi n'kumatola timiyala. N'chifukwa chake ndimadula bwalo m'tizigawo, ana anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, magolo ake a njerwa kapena masilipasi. Pamenepo palibe pobisala. Mpira ukufika pamwendo pako, ufune usafune, ndipo uyenera kuganiza wekha: ndipatsire mnzanga, ndimenye njomba kapena ndiwombe?

Kuganiza wekhako ndiye nkhani yonse. Ndikamakuwa kuti "Patsira! Womba!" mwana amaphunzira kumvera ine, osati kuona bwalo. Tsiku limene sindidzakhalapo adzaima ngati chitsa. Choncho ndimadikira, masewero akaima n'kumufunsa kuti, "Mnzako uja anali pati?" Akayankha yekha, saiwalanso.

Za kuzungulira bwalo, mwana amene wayenda mtunda kupita kusukulu, n'kukatunganso madzi, sakusowa mpweya. Akusowa mpira. Ndipo mpirawo ukhale wa msinkhu wake, saizi 3 kapena 4. Saizi 5 ndi wa akuluakulu. Kamwendo ka mwana wa Sitandade 2 kamalephera kuukankha bwino, mapeto ake amazolowera kumenya ndi chala chachikulu. Ine chikulunga cha majumbo sindichinyoza: n'chopepuka, sichithawa, ndipo mwana aliyense akhoza kukhala ndi chakechake. Kumenya ndi mutu sindiphunzitsa ang'onoang'ono. Ku United States analetsa zimenezi mu 2015 kwa ana a zaka 10 kutsika m'munsi, poopa kuvulaza ubongo.

Atsikana ndimawasakaniza ndi anyamata, ngakhale makolo ena amanyinyirika. Pa msinkhu umenewu mphamvu zawo sizisiyana kwenikweni. Onyinyirikawo ndimawakumbutsa kuti Temwa Chawinga, amene anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, ndi mwana wa ku Rumphi.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kubera zaka. Timu ya ana a zaka 12 imabwera ndi mnyamata wa mawu okhuthala, n'kutenga chikho, akuluakulu n'kumavina. Mwana weniweni wa zaka 12 amene anamusiya pa benchi kuti chindodacho chisewere, sabata yotsatira sabweranso, ndipo palibe amafunsa kuti ali kuti.

Bambo aja sindinatsutsane nawo. Ndinawapempha kuti aziika kamwala m'thumba nthawi iliyonse mwana wawo akakhudza mpira. Masewero asanafike pakati anasiya kutola, thumba la buluku litalendewera mbali imodzi, n'kuyamba kukuwa okha kuti, "Womba, iwe!" Ndinachita kuwapempha kuti akhale chete.