Kodi mumadziwa kuti ku Italy nakonso amadya nsima?

Kumpoto kwa dziko la Italy, chakudya chakalekale cha anthu akumudzi ndi nsima ya chimanga. Eni ake amaitcha polenta, ndipo imadyedwa kwambiri m'zigawo za Veneto, Lombardy, Friuli ndi Piedmont, makamaka m'midzi ya m'mapiri.

Chimanga chinafika kumeneko kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1500. Chisanabwere, anthu ankaphika phala lolimba lamtundu womwewu ndi ufa wa barele kapena wa mbewu zina.

Ufa wa polenta nthawi zambiri umakhala wachikasu ndiponso wokhakhala, ngakhale kuti kufupi ndi mzinda wa Venice amakonda woyera. Amauphika mumphika wamkuwa wotchedwa paiolo, n'kumavundula ndi mthiko kwa mphindi 40 kapena kupitirira apo.

Ikapsa saomola mitanda. Amaikhuthulira pathabwa, ndipo ikalimba amaidula ndi ulusi. Ndiwo zake ndi bowa, tchizi, soseji kapena nyama yophika mu vinyo wofiira. Mkute sataya, amauwotcha pamakala kapena kuukazinga.

M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, alimi osauka ankadya polenta tsiku ndi tsiku popanda ndiwo zokwanira, moti ambiri anadwala pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini B3 m'thupi.

Masiku ano alendo oyendera midzi ndi minda ya mphesa amaipeza m'malesitilanti ambiri kumpotoko. Anthu akummwera kwa Italy amatchabe anzawo akumpoto polentoni, kutanthauza odya polenta.