Galu wa amayi ndi mikango ya ku Serengeti

Ndinali nditangoweruka shifiti ya usiku kuno ku Glasgow pamene amayi anandiimbira pa WhatsApp. "Mwanawe, Dziwazako uja wapenga. Anyamata akuti amuphe." Galuyo anali atasiya kudya, manthongo ali tho m'maso, mamina ali chuu, nsagwada zikungogwedezeka ngati akutafuna chingamu. Choyamba kuwafunsa chinali chakuti, kodi waluma munthu? Anati ayi. Ndinawapempha kuti am'tsekere, ana asamuyandikire, ndipo ndinatumiza ndalama yoitanira a vetenale. Iwo anati zizindikirozo zikuloza ku nthenda yotchedwa canine distemper. Galuyo anafa patapita masiku anayi.

Ine namwino wa zaka zambiri ndinachita manyazi kuti nthendayi ndinkangoimvera dzina. Chonsecho kachilombo kake ndi kapachibale ndi ka chikuku, kamene ndakhala ndikubayira ana katemera. Kamayenda mumpweya galu akatsokomola, kamagwira chifuwa ndi m'mimba, kenako n'kukalowa muubongo. Apa ndiye pamene kamasokoneza anthu, chifukwa galu wogwa ngati wakhunyu aliyense amangoti chiwewe. Koma distemper sadziwika kuti amadwalitsa anthu, pomwe chiwewe chikangoonetsa zizindikiro ndiye kuti maliro. Ndi maso okha simungasiyanitse, choncho wolumidwa atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chandigwira mtima powerenga ndi nkhani ya ku Tanzania. Mu 1994 nthendayi inapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti, kutanthauza umodzi mwa itatu iliyonse. Afisi nawo anafa. Chala chinaloza agalu a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, ndipo kunayambika ntchito yowabaya katemera. Koma patapita zaka, akatswiri atawerenga majini a kachilomboka (sindikunena majini a kwa asing'anga, ndikunena malembo a mkati mwa chamoyo), anapeza kuti kamene kanapha mikango ndi afisi kanali kosiyanako ndi kamene kanapezeka mwa galu. Magazi a mikango anaonetsanso kuti inapitiriza kukumana ndi kachilomboka ngakhale agalu ambiri atabayidwa. Nkhani sinali yachidule ngati mmene ankaganizira: nyama zam'tchire zimapatsirananso zokha.

Mmene amachitira si zachilendo kwa ife amene tinagwira ntchito nthawi ya Covid. Amagwira galu wongoyendayenda, n'kupukuta kathonje m'diso kapena m'mphuno, ena amatola chimbudzi chake. Akapeza kachilomboka amawerenga makamaka jini yotchedwa H, imene imapanga chokowera chomwe kamagwirira maselo. Malembowo amaulula mtundu wake, monga mmene mfunda umaululira kwawo kwa munthu. Ulipo mtundu wa Africa-1 wopezeka ku South Africa, Africa-2 wa ku Serengeti, ina ya ku Asia, Ulaya ndi America. Abale a ku Joni, dziwani kuti katemera wodziwika kwambiri wa nthendayi amatchedwa ndi dzina la Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria, komwe anakonzedwa.

Kale zoyezazi zinkayenera kukwera ndege kupita ku labu za kunja, zotsatira n'kubwera mliri utatha kale. Masiku ano kuli kamakina kotchedwa MinION, kokwana m'dzanja, kolumikiza ku laputopu. Anakagwiritsa ntchito ku Guinea mu 2015 pa mliri wa Ebola, ndipo ofufuza a pa University of Glasgow, pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania, awerengera nako majini a chiwewe komweko. Sikuti ndi zotchipa ayi, mankhwala ake amadula ndipo ena amafuna firiji. Komabe maganizo anga ndi akuti ndalama yotereyi imaposa yogulira zipolopolo zowombera agalu m'misika. Mukawapha, zinyalala zimene ankadya zimatsala pomwepo, ndipo pamabwera ena osabayidwa. Mukawayeza, mumadziwa kumene nthenda ikuchokera ndi mudzi woyambira kubaya.

Cholakwa changa ndi ichi. Amayi ankapita ndi Dziwazako chaka chilichonse ku katemera waulere, uja a Mission Rabies akhala akubaya ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo ine ndinkati basi, galu ndi wotetezedwa. Koma katemera ameneyo ndi wa chiwewe chokha. Wa distemper ndi wina, wolipira, ndipo kamwana ka galu kamayamba kubayidwa kali ndi milungu 6 mpaka 8, n'kubwerezanso. Ambirife timatumiza ndalama za malata, fizi ndi feteleza, koma mlonda wa nyumba imene tikumangayo sitimuwerengera.

Amayi apeza kale kagalu kena kwa aneba. Ndawauza kuti kasalowe kaye pakhomo mpaka atatsuka khola ndi Jik, ndiponso kakabayidwe. Anaseka n'kunena kuti, "Iwe, kuchokera liti galu akhala ndi khadi la kusikelo?" Ndalama ndatumiza dzulo.