Kaufa kachikasu kamene kamaopa kutentha

Babu la LED likapsa, musafulumire kuliponya kudzala. Gamulani kachivindikiro koyera kaja, musuzumire mkati. Mupeza tizidutswa tonga njere za mpunga titamatidwa pa kambale kachitsulo, tonse tachikasu ngati mkati mwa dzira. Chikasucho si penti. Ndi ufa umene akatswiri amautcha phosphor, ndipo pakadapanda ufawu, nyumba yanu bwenzi ikuwala buluu wolasa m'maso.

Kachipangizo kobisika pansi pa ufawo kamatulutsa kuwala kwa buluu basi. Shuji Nakamura anakapanga kukhala kowala mokwanira mu 1993 ali pa kampani ya Nichia ku Japan, ndipo mu 2014 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano. Koma buluu yekha sangawerengetse mwana buku usiku. Mu 1996 Nichia inayamba kugulitsa LED yoyera itaphimba kachipangizoko ndi ufa wotchedwa YAG, wokhala ndi cerium. Ufawo umameza gawo la buluu n'kulibweza lili lachikasu. Buluu wotsala ndi chikasucho zikasakanikirana, diso limaona zoyera.

Makampani ena anatembenukira ku ufa wa silicate, umene maziko ake ndi silicon ndi okosijeni, zomwe zimapanganso mchenga wa kunyanja. Amasakaniza silica ndi barium ndi strontium, n'kuthiramo europium pang'ono chabe, monga mayi amathirira mchere m'ndiwo: maatomu ochepa pa 100 alionse. Akatero amawotcha m'ng'anjo pa madigiri opitirira 1,000, mu mpweya wokhala ndi hydrogen, kuti europium akhale mumkhalidwe woyenera kuwala. Chokoma cha ufawu n'chakuti mtundu wa kuwala umasankha wekha. Ukachulutsa barium, umawala mobiriwira. Ukachulutsa strontium, umapendekera ku chikasu.

Vuto lake ndi kutentha, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Babu la LED silioneka lotentha ukaligwira kunja, koma ufa wokhudzana ndi kachipangizo kaja umatha kufika madigiri opitirira 100. Zinthu zikakhala bwino, elekitironi ya mu europium imalandira mphamvu ya buluu, imakwera, kenako potsika imatulutsa kuwala. Kukatentha, maatomu oizungulira amanjenjemera kwambiri, ndipo elekitironi ija imapeza njira ina: imathawa kapena kutsika mwakachetechete, mphamvu yake n'kusanduka kutentha kwina. Magetsi mwalipira, koma kuwala kwachepa. Izi amazitcha thermal quenching, ndipo silicate amagonja msanga kuposa YAG.

Mu 2014 ofufuza a ku University of California, Santa Barbara, anayesa kusinthasintha muyeso wa barium ndi strontium. Anapeza kuti ufa wopirira kwambiri si wa barium yekha kapena strontium yekha, koma wapakati, pamene ziwirizi zatsala pang'ono kufanana. Umenewo unasunga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kuwala kwake pa madigiri 140. Chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anamangapo khola: mitengo ikalumikizana molimba, mphepo siligwedeza. Pa muyeso wapakatiwo maatomu amagwirana zolimba, motero kunjenjemera kumachepa. Ine zimandikhudza kuti anthu amathera zaka akulimbana ndi kaufa kosadzaza n'chikhadabo chomwe, koma phindu lake limakafika pa nyali ya sola ya mayi wogulitsa tomato usiku pa Lizulu.

Cerium ndi europium ali m'gulu la zitsulo 17 zotchedwa rare earth, dzina limene Amalawi tayamba kulimva kawirikawiri chifukwa cha phiri la Kangankunde ku Balaka ndi la Songwe ku Phalombe. Miyala ya ku Kangankunde ili ndi cerium, lanthanum ndi neodymium wambiri, pamene europium amapezeka wochepa kwambiri, monga zilili m'migodi yambiri yotere. Ntchito yovuta ndi kulekanitsa zitsulozi chifukwa n'zofanana ngati mapasa, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo imachitikira ku China.

Kunena zoona, mababu ambiri otchipa amafa chifukwa cha tizipangizo toyendetsa magetsi ta m'tsinde mwake, ufa usanatope n'komwe. Koma mukaona babu limene linkawala bwino layamba kuzirala n'kumapendekera ku buluu, kawirikawiri ndiye kuti ufa, kapena zomatira zake, zafooka. Zimafulumira babu likatsekeredwa m'chigalasi chopanda mpweya, kapena likalendewera pafupi ndi malata opanda siling'i m'mwezi wa Okutobala. Silicate amaopanso chinyezi, n'chifukwa chake opanga ena amakuta kanjere kalikonse ka ufawo ndi kachikopa kopyapyala ka silica kapena alumina asanakaike m'babu.