Mabuleki akuluakulu si poyambira

Eni ake a Polo GTI ndi Swift Sport amene amabwera ku galaja yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku Johannesburg, ambiri amafika atasankha kale zimene akufuna: makalipa ofiira a mapisitoni anayi ndi madisiki obowolabowola, zooneka bwino kuseri kwa rimu. Amati akufuna kukayesa galimoto yawo pa bwalo la mpikisano ku Zwartkops kapena ku Kyalami, choncho iziima msanga. Ndimawamvetsa, chifukwa tigalimoto timeneti nanenso ndimatikonda. Koma ndisanagwire sipanala ndimayamba ndafunsa kuti, "Achimwene, mukaponda buleki mwamphamvu pa tala wouma, kodi ABS imanjenjemera kuphazi kwanu?" Akati inde, ndiye kuti mabuleki awowo ali kale ndi mphamvu yoposa imene matayala angakwanitse. Kalipa yaikulu pa matayala omwewo sichepetsa kwenikweni mtunda woimira pa kuponda kumodzi. Chogwira msewu ndi tayala.

Chimene chimagonjetsa mabuleki a kufakitale pa bwalo la mpikisano ndi kutentha. Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala moto, kenako n'kuutaya mumpweya. Polo GTI, yomwe imapangidwa ku Kariega konkuno ku South Africa, imalemera makilogalamu pafupifupi 1,300. Kuiimitsa ikuthamanga makilomita 160 pa ola kumatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa malita pafupifupi 4 a madzi ozizira, ndipo zonsezo m'masekondi ochepa chabe. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Gawo lalikulu limagwera mabuleki akutsogolo, popeza injini ili komweko ndipo galimoto imaweramira kutsogolo ikamaima. Mumsewu wamba mumaponda chonchi mwa apo ndi apo, zitsulo n'kupeza nthawi yozizira. Bwalo la Zwartkops n'lotalika makilomita 2.4 okha, ndipo kona ina imafika disiki isanataye moto wa kona yapitayo.

Mabuleki amatopa m'njira ziwiri, ndipo woyendetsa ayenera kuzisiyanitsa ndi phazi lake. Ngati chopondera chikadali cholimba koma galimoto sikumvera, kwinaku fungo la chinthu chopserera likumveka, mapadi ndi amene apitirira kutentha kumene anawapangira. Ngati chopondera chafewa n'kumamira mpaka pansi, mafuta a mabuleki awira. Akawira amatulutsa nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika, pamene mafuta safinyika. Vuto lachiwirili ndi loopsa kwambiri chifukwa limabwera mwadzidzidzi. Amene anatsikapo mtsetse wa Golomoti kapena wa Chiweta phazi lili pa buleki ulendo wonse akudziwa zimene ndikunenazi. Vuto lake n'lomwelo, ndipo mumsewu mankhwala ake ndi kulowetsa giya yaing'ono kuti injini ithandize.

N'chifukwa chake ine ndimayambira pa mafuta, omwe ndi otsika mtengo kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Mafuta a DOT 4 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230. Koma mafuta amenewa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo madzi akafika maperesenti 3.7, muyezo wa DOT 4 womwewo umalola kuti awire pa madigiri 155 okha. Tangoonani kusiyana kwake. Galimoto imene yatha zaka zambiri osasinthidwa mafuta imapita ku bwalo itagonja kale. A DOT 5.1 amayambira pa 260, ndipo a mpikisano monga Motul RBF 600 amapitirira 300 akakhala atsopano. Pamsewu sinthani pa zaka ziwiri zilizonse. Wopita ku bwalo azisintha pafupipafupi, ndipo botolo likhale longotsegulidwa kumene. Chenjerani ndi DOT 5, yopanda .1 kumapeto. Imeneyo ndi ya silikoni, sisakanikirana ndi enawo, ndipo siyenera m'galimoto ya ABS.

Pa mapadi ndi pamene ndimakhalitsa ndi kasitomala, chifukwa palibe padi imodzi yokhoza zonse. Padi ya mumsewu imagwira bwino m'mawa kukuzizira, siilira, ndipo siidya disiki, koma ikatenthedwa kwambiri zomatira zake zimayamba kupsa ndipo imaterera. Padi ya mpikisano weniweni imafuna moto kuti igwire. Pa maloboti oyamba kuchokera kunyumba imatha kukudabwitsani, imalira, imadetsa marimu ndi fumbi, ndiponso imadya disiki msanga. Amene ali ndi galimoto imodzi yopitira kuntchito ndi ku bwalo angasankhe zapakati, monga Ferodo DS2500, podziwa kuti nayonso imatha kulirako. Amene amapita ku bwalo kawirikawiri ndimawalangiza kukhala ndi mapadi a mitundu iwiri, azisintha tsiku la ku bwalo. Pa galimoto ngati izi si ntchito yaitali.

Pogula mapadi a mumsewu yang'anani chizindikiro cha ECE R90, chimene chimasonyeza kuti kagwiridwe kake sikasiyana ndi ka padi ya kufakitale ndi maperesenti oposa 15. Mapadi ambiri amakhalanso ndi zilembo ziwiri m'mphepete, monga FF kapena GG. Choyamba chimanena za kagwiridwe kutentha kuli kochepa, chachiwiri kutentha kutakwera, ndipo G amagwira kuposa F. Mukaona FE, dziwani kuti padiyo imafooka ikatentha.

Mapadi abwino amaonongeka m'manja mwa munthu amene sanawazoloweretse pa disiki. Mukangowaika, pezani msewu wopanda anthu, thamangani ndithu, pondani mwamphamvu mpaka liwiro litsike kwambiri koma osaima, bwerezani kangapo motsatizana, kenako yendani osaponda buleki kuti zizizire. Cholinga n'chakuti padi isiye kansalu kake kopyapyala kofanana ponseponse pa nkhope ya disiki. Madisiki ambiri amene anthu amabwera nawo akuti apindika, chiwongolero chikunjenjemera, ndikawayeza ndimapeza kuti sanapindike ayi. Padi inasiya zomatira zake malo amodzi, kawirikawiri chifukwa munthu anaima phazi lili pa buleki zitsulo zili zamoto. Choncho mukamaliza kuthamanga pa bwalo, zungulirani kamodzi pang'onopang'ono, ndipo poimika musakoke handibuleki. Siyani galimoto m'giya pamalo athyathyathya.

Za madisiki obowola ndinene mosabisa: ndi okongola, koma pa bwalo ming'alu imayambira pa mabowo omwewo. Disiki yosalala yabwino, kapena ya timizere, imapirira kwambiri. Chofunika ndi kulemera kwa chitsulo chake ndi njira za mpweya zili m'kati mwake. Disiki iliyonse inalembedwa makulidwe ochepetsetsa ololedwa, ndipo ikaperepeseka kufika pamenepo ilibenso chitsulo chokwanira kusunga moto, ichotsedwe. Mapaipi okulungidwa ndi waya wachitsulo amalimbitsako chopondera, makamaka ngati a labala akalamba, koma sawonjezera mphamvu yoimira.

Chimene ambiri amachiiwala ndi mphepo. Kapaipi kotenga mpweya kutsogolo kwa bampala n'kuulozetsa pakati pa disiki kamachita zambiri pa ndalama zochepa, chifukwa disiki imakoka mpweya pakati n'kuutulutsira m'mphepete. Ndaonapo magalimoto amene vuto lawo linathera pomwepo. Kuno ku Gauteng tili pamalo okwera ndipo mpweya ndi wopepuka, choncho umachotsa kutentha mochepa kuposa ku bwalo la Killarney ku Cape Town, kufupi ndi nyanja. Woyendetsa nayenso ali ndi gawo lake: kuponda mwamphamvu kanthawi kochepa n'kusiya kumapatsa disiki mpata wozizira kusiyana ndi kukhuza buleki mtunda wautali.

Sikuti ndimadana ndi mabuleki akuluakulu. Brembo ndi AP Racing amapanga zinthu zabwino kwambiri, ndipo ilipo nthawi yake. Ngati mwaika matayala a mpikisano ogwira kwambiri, mwawonjezera mphamvu ya injini, mafuta ndi mapadi ndi oyenera, mphepo ikufika, koma mabuleki akutopabe pakatha maulendo ochepa, ndiye kuti disiki yanu yachepadi ndipo yaikulu ikufunika. Pamenepo gulani seti yopangidwira galimoto yanuyo, osati kalipa yochotsedwa pa galimoto ina yaikulu chifukwa chakuti mabawuti akulowa. Mapisitoni akakula mopitirira, chopondera chimayenda mtunda wautali, matayala akutsogolo amayamba kukoka okha ntchito akumbuyo asanathandize, ABS imalowerera msanga, ndipo galimoto imatha kuima patali kuposa kale. Yezaninso ngati kalipayo ikwana m'kati mwa rimu, kuphatikizapo ya tayala la sipeya, ndipo auzeni a inshuwalansi za kusinthako musanatulutse galimoto mumsewu.