Odzipereka Kunja: Kumunda ndi M'kalasi

Chaka chilichonse anthu ambiri, makamaka achinyamata, amachoka kwawo kupita kumaiko ena kukagwira ntchito yosalipidwa. Nthawi zambiri amakalima kapena kukaphunzitsa, ndipo ena amachita zonse ziwiri, khasu m'mawa, choko masana.

Mabungwe odziwika pa ntchitoyi ndi akalekale. Ku Britain, Alec ndi Mora Dickson anakhazikitsa VSO mu 1958. Ku America, Pulezidenti John F. Kennedy anayambitsa Peace Corps mu 1961, ndipo gulu loyamba, la aphunzitsi, linapita ku Ghana chaka chomwecho. Ku Malawi odzipereka a Peace Corps anafika mu 1963, dziko lisanalandire ufulu. Wodzipereka wa Peace Corps amayamba waphunzira chinenero ndi chikhalidwe kwa miyezi pafupifupi 3, kenako n'kutumikira zaka 2 akukhala pakati pa anthu.

Pa ulimi palinso njira ina yotchedwa WWOOF, yomwe Sue Coppard, mlembi wa mu ofesi ku London, anayambitsa mu 1971 pofuna kuti anthu a m'tauni azikathandiza alimi osagwiritsa ntchito feteleza ndi mankhwala. Mlendo amagwira maola 4 mpaka 6 patsiku, kupalira, kukolola, kuunjika manyowa kapena kudyetsa ziweto. Mwini munda amamupatsa chakudya ndi pogona. Malipiro palibe.

Masiku ano kwachuluka maulendo a masabata awiri kapena atatu, amene woyendayo amadzilipirira yekha, ndipo apa m'pamene munda ndi kalasi zimasiyanirana. Kumunda, mlendo wa masiku ochepa angathe kuthandiza ndithu. Pa nthawi yokolola manja sachuluka, ndipo kupalira sikulira chinenero. Chofunika n'chakuti amvere mwini munda, chifukwa ndiye adziwa dothi lake, mvula ya kumeneko ndi mbewu imene imachita bwino.

M'kalasi nkhani ndi ina. Mwana amafuna mphunzitsi wodziwa silabasi, womva chinenero chake, amene adzakhalepo mpaka mayeso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ana akangoyamba kumuzolowera, iye wanyamula kale chikwama, ndipo mphunzitsi wa pasukulupo amatsala ndi ntchito yobwereza mitu imene yadumphidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti zotere zimagwera kwambiri masukulu osauka, omwe savuta kulandira aliyense wobwera, ngakhale amene kwawo sakanaloledwa kuima kutsogolo kwa kalasi.

N'zoona kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Angathandize ana kuyeserera kulankhula Chingerezi, kuwerenga m'timagulu kapena kusamala dimba la sukulu, mphunzitsi weniweni akutsogolera. Koma kusenza phunziro lonse kumafuna luso ndi nthawi. Bungwe la VSO linayamba ndi achinyamata ongomaliza kumene sekondale, koma patapita zaka linayamba kufuna makamaka anthu ophunzira ntchito amene anaigwirapo kale kwawo.